A Gologolo Atatsika pa Nsanja

Aliyense womva dzina loti a Gologolo ankayembekezera kuona kamunthu kowonda, kothamangathamanga. Ndiye mwini dzina akatulukira, anthu ankaseka. Anali chimunthu: mapewa odzaza chitseko, khosi losasiyana kukula ndi mutu, manja oti akagwira kapu ya tiyi kapuyo inkasowa. Koma akafika pa nsanja za mafoni, zachitsulo zija zimabaya mitambo, thupi lonselo linkapepuka. Ankamanga lamba m'chiuno, masipanala akulira ngwengwengwe kumbuyo, ndipo anzawo asanathe kumanga nsapato iwo amakhala ali kale pamwamba, akuimba mluzu.

Ntchitoyo anawapezera ndi mnzawo wina wamfupi, wapakamwa, amene onse ankamuti a Bawuti. Tsiku lina a Gologolo anaperekeza mnzawoyo kwawo, n'kuona mlongo wake wa a Bawuti akupalasa makina osokera pakhonde. Kuyambira pamenepo malaya a a Gologolo anayamba kung'ambika pafupipafupi modabwitsa. Telalayo anasoka, anasokanso, kenako anati, "Ngati pali china chimene mukufuna, nenani, ulusi wanga usathere pachabe." Ananena. Umo ndi mmene a Bawuti anasandukira alamu awo.

Kunsanja lamulo linali limodzi: manga nati mpaka ilire. Mphepo ya kumwamba sichita nthabwala, ndipo chimene wamanga mwaulesi chimadzagwera pamutu pa mnzako. Vuto linali lakuti a Gologolo lamuloli ankapita nalo ndi kunyumba komwe. Akatseka mpopi iwo, ana ankayenda ndi ndowa kwa aneba mpaka bambo awo ataweruka. Akatseka botolo la mafuta, linkakhala lotseka ndithu.

"Abambo," mkazi wawo ankadandaula, "m'nyumba muno mulibe mphepo. Zinthu sizithawa."

Chimene chinawatsitsa si nsanja. Anakwera zaka zambirimbiri osathyoka ngakhale chikhadabo. Tsiku lina kutagwa mvula, akutsika m'galimoto ya kampani pageti penipeni pa ofesi, anaponda mwala woterera m'mbali mwa ngalande, bondo lakumanja n'kupindikira kumene bondo silipindikira. Adokotala analikonza mmene akanathera, ndipo sanabise: kuyenda adzayenda, koma zokwera aiwale.

A Bawuti atabwera kudzawazonda kuchipatala anaima kumiyendo kwa bedi akupukusa mutu. "Alamu, gologolo wogwera m'ngalande ine sindinamuonepo. Anthu tikawauza kuti chiyani?"

Anaseka onse awiri. Koma a Bawuti atatuluka, a Gologolo anatembenukira kukhoma, ndipo chakudya chimene mkazi wawo anabweretsa chinazizira chosakhudzidwa.

Kampani sinawachotse. Atayamba kuyenda opanda ndodo anawatumiza ku labu, chipinda cha kumapeto kwenikweni kwa ofesi, kumene kunkasungidwa ndi kusamalidwa makina oyezera mafunde a wailesi. Ena anali makina onyamula m'manja, amene okwera nsanja ankapita nawo kukayeza zingwe ndi maeriyo. Ena anali aakulu, osachoka patebulo, oyezera makina anzawo ngati akunena zoona. A Gologolo chipindacho ankachidziwa pakhomo pokha. Ankangofika, kuponya chikwama cha makina pakauntala, n'kumapita.

Mwini chipindacho anali injiniya wina wachikulire, mayi wochepa thupi, waimvi, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Anyamata a kunsanja anamupatsa dzina loti Mayi Dekhani, chifukwa mawu amenewo ndiwo ankalonjera nawo aliyense wolowa mothamanga.

"Sambani m'manja," anatero tsiku loyambalo.

"Ndasamba kale, mayi."

"Sambaninso."

Dasitikoti yoyera imene anawapatsa inakana kukumana pamimba. Kenako Mayi Dekhani anawamanga kalamba pamkono, kokhala ndi kawaya kopita kutebulo. Anafotokoza kuti thupi la munthu limasunga timagetsi, tija timathetheka munthu akamavula juzi, ndipo timeneto tikhoza kupha makina. A Gologolo anakayang'ana kalambako kwa nthawi. Kunsanja lamba ankateteza iwo kuti asagwe. Muno lamba ankateteza makina kuti iwo asawawononge.

Mayi Dekhani anatsegula kabokosi kathabwa, n'kutulutsa kachitsulo konyezimira kosaposa chivindikiro cha cholembera.

"Iyi ndi konekita. Ndi imene imalumikiza chingwe ku makina. Mwazigwira zambiri kumwamba kuja, koma zanu zija ndi zikuluzikulu, zopirira dzuwa ndi mvula. Izi ndi zina. Suzumirani m'kati. Mukuona kasingano kagolide pakatipo? Inzake iyi ili ndi kachibowo, ndipo m'mphepete mwa kachibowoko muli timano tofewa togwira kasinganoko. Mafunde odutsa apa ndi aafupi kwambiri, moti kafumbi kamodzi, kapena kukandika kosaoneka ndi maso, kamawasokoneza. Zikatero makina amanama."

"Akanama chimachitika n'chiyani?"

"Anzanu aja amakwera nsanja kukachotsa chinthu chabwinobwino, chowonongeka n'kuchisiya pomwepo. Mawa lake akweranso."

A Gologolo anakumbukira maulendo angapo otero, padzuwa loswa mtengo, akutukwana eriyo yosalakwa.

Masabata oyamba ntchito yawo inali kuyang'ana basi. Mayi Dekhani ankaika konekita pansi pa galasi lokulitsa, lija la maso awiri, iwo n'kuwerama kunena zimene akuona. Poyamba ankangoona nsidze zawo. Maso atazolowera anayamba kuona dziko lina. Kanyenyeswa kachitsulo kankaoneka ngati lata logwa padenga. Ubweya wa juzi unkagona pakhomo pa kachibowo ngati chipika. Zinkawasangalatsa, koma manja ankawayabwa. Munthu wozolowera kuweruka thupi likuwawa ankafika kunyumba osadziwa kuti watopa ndi chiyani.

Ndiye tsiku lina Mayi Dekhani ali kumsonkhano, kunabwera munthu wofuna kuti chingwe china chiyezedwe msanga. A Gologolo anaganiza kuti kulumikiza chingwe si nkhani yodikirira injiniya. Anagwira konekita ija thupi lonse, n'kuipotokola, n'kuipotokolanso, mpaka anamva m'zala kuti yagwira. M'mutu mwawo anali atachita mofewa kwambiri.

Mayi Dekhani atabwera anangoyang'ana kamodzi. Anamasula mwakachetechete, kuika pansi pa galasi, n'kusendera pambali. "Bwerani muone."

Timano tija tinali titakhotera uku ndi uku ngati mpanda umene wadutsa ng'ombe. Golide anali atasupuka mozungulira. A Gologolo anadikira kukalipiridwa, ndipo mwina kukanawapepukira. Koma mayiyo anangoti, "Inali yabwino m'mawa uno." Anaiponya m'chitini cha zakufa chimene chinkakhala pansi pa tebulo, n'kubwerera pa mpando wake.

Loweruka masana a Gologolo anakhala pakhonde, mwendo wovulala uja atautambasula, mkazi wawo akusoka pambali.

"Amayi, ntchito ija si yanga. Ndikapempha andiike pageti. Mlonda safuna zala."

Mkazi wawo sanasiye kupalasa makina. Atafika kumapeto kwa msoko anadula ulusi ndi mano, n'kutola siketi ina m'dengu, kuwaponyera pamiyendo pamodzi ndi kalumo kakang'ono.

"Ndimasulireni msoko uwu. Nsalu isang'ambike."

Inang'ambika asanafike n'komwe pakati.

"Musadandaule, ndi sanza, ndakupatsani dala. Vuto lanu, abambo, mumagwira ndi phewa. Chilichonse mumachiyambira kuphewa. Gonekani chigongono apa. Zigwire ntchito ndi nsonga za zala zokha. Komanso mukumanga mpweya ngati mukunyamula thumba la simenti. Pumani."

Anayesanso. Ana anasonkhana kudzaonerera, aneba odutsa ankachepetsa liwiro. Mayi wina woyandikana nawo anafuula ali kuseri kwa mpanda, "Asisi, mwalemba wantchito? Ngati ali ndi mpata mundibwerekeko!" A Gologolo sanadzutse mutu. Dzuwa likupendeka anali atamasula msoko wonse, nsalu ili bwinobwino, thukuta lili chuchuchu ngati atsika pansanja. Za ulonda sanazitchulenso. Loweruka lililonse ankamasula misoko, kenako anakwezedwa udindo n'kuyamba kulowetsa ulusi pa singano, mapeto ake kusokerera mabatani. Dasitikoti ija mkazi wawo anaiwonjezera nsalu kumsana, n'kuyamba kukumana.

Ku labu Mayi Dekhani anaona kusinthako koma sanafunse. Anangoyamba kuwasiyira zochita pang'onopang'ono. Anawaphunzitsa kuti konekita iliyonse, isanakhudze inzake, imayamba yaonedwa ndi maso, kenako ndi galasi. Fumbi amaliuluza ndi mpweya wa m'chitini, chopendeketsa, osapopera mwamphamvu molunjika m'kati. Litsiro lokakamira m'mizere ya nati amalipukuta ndi kamtengo kansalu yofewa kunsonga, konyowetsedwa sipiriti pang'ono chabe, osakankha kasingano, n'kudikira kuti paume. Kenako pamabwera geji, kachida kankhope ngati wotchi, koonetsa ngati kasingano katulukira kunja mopitirira kapena kalowa m'kati. Kolowa m'kati kwambiri kamanamitsa makina. Kotulukira ndiye koopsa, chifukwa kamabaya chilichonse chimene kakumana nacho.

"Ndipo polumikiza," ankabwereza mayiyo, "muziwongola kaye, zilowane zokha. Chozungulira ndi nati yokha. Thupi lisazungulire."

Chomaliza chinali kasipanala kakang'ono kachilendo. Tsiku loyamba kukagwiritsa ntchito, a Gologolo anakoka mofatsa, ndipo mwadzidzidzi chogwirira chake chinapindika pakati. Anakaika patebulo msangamsanga, nkhope itagwa.

"Mayi, pepani. Ndathyolanso."

Aka kanali koyamba kumva Mayi Dekhani akuseka mokweza, mpaka anavula magalasi kupukuta misozi. "Imagonja dala, a Gologolo. Anaipanga choncho. Mphamvu ikakwana imagwada, ndiye kuti musiye pomwepo."

A Gologolo anakatola n'kukapindapinda. "Ndiye ili ndi bondo ngati langa."

"Kusiyana kwake n'kwakuti iyo imagwada zinthu zisanawonongeke."

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kumwera tiyi limodzi, panja pa chitseko, popeza m'katimo simunkaloledwa ngakhale nyenyeswa ya buledi.

Kunyumba ntchito yatsopanoyi inali yovuta kuifotokoza. Mwana wawo wamng'ono anamva bambo ake akutchula mafunde a maikulowevu, ndipo anakauza anzake kusukulu kuti bambo ake amakonza maikulowevu. Lamlungu lotsatira kunafika bambo wina atasenza chibokosi chotenthetsera chakudya, atachikulunga m'bulangete. A Gologolo anayesa kufotokoza kuti ayi, mafunde ake ndi apachibale koma ntchito ndi zosiyana. Mlendoyo anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti abwere liti kudzatenga. Chibokosicho chinakhala pakona miyezi, mphaka akugonapo.

Zaka zinapita. Anthu a kunsanja anazolowera kupeza a Gologolo pakauntala, atavala zoyera, akulandira makina ndi manja awiri. Aliyense wobweza chingwe chopanda tizipewa tapulasitiki kumapeto ankamubweza kuti akatifune m'galimoto. Ankawaseka kuti asanduka anamwino. Iwo ankangomwetulira, popeza ankadziwa mmene kumwamba kumakhalira: dzanja limodzi lagwira chitsulo, mphepo ikukukankha, ndiye wina akuuze za kachipewa.

Chaka china makina onyamula m'manja anayamba kubwerera ndi bala lofanana. Timano ta pakhomo pa makina tinkapezeka titakankhidwira mbali imodzi. Akonza awa, sabata inayo abwera ena. Mayi Dekhani anati, "Pali chingwe chimodzi chodwala chimene chikuyenda m'magulumu. Konekita yowonongeka ili ngati chimfine, imapatsira aliyense amene yapsompsonana naye."

A Gologolo anaitanitsa zingwe zonse, gulu ndi gulu, n'kuziyeza ndi geji. Zonse zinali bwino. Anakhala pansi kulingalira. Kenako anakumbukira kuti alamu awo anali ndi chingwe chawochawo, chakalekale, chokulungidwa tepi yofiira, chimene sichinkalowa m'bokosi la kampani. Chinkakhala m'chikwama chawo pamodzi ndi sopo ndi mpeni. A Bawuti ankati n'chamwayi, sichinawagwiritsepo mwala, ndipo ankabwereketsa aliyense amene makina ake avuta.

Anawapeza pabwalo akukweza katundu m'galimoto. "Alamu, ndibwerekeni chofiira chija ndichione."

"Chija chilibe vuto. Chinayamba ntchito inu musanaphunzire kusamba m'manja kawiri."

"Ngati chilibe vuto ndikubwezerani pompano."

A Bawuti anawatsatira mpaka pakauntala akung'ung'udza, anyamata a gulu lawo ali pambuyo. Muvi wa geji unalumphira kumene suyenera kufika. Kasingano kanali katatulukira kunja, nsonga yake itakhota.

"Ndi chimenechi, alamu. Ndi chimene chikubaya makina."

"Ndiye chiwongoleni. Si ndinu madokotala?"

"Sichiwongoleka. Ndipo sindingakubwezereni."

Lamulo la m'chipindamo linali lakuti chingwe chotere amachidula mutu, kuopa kuti wina angachitole m'chitini n'kuchibwezera pantchito. A Gologolo anatenga pulayala yodulira. Anazengereza, akuyang'ana tepi yofiira ija, imene ina anakulunga ndi iwo omwe tsiku lina ali limodzi pamwamba. Kenako anadula.

A Bawuti anayang'ana mutu wa chingwe uja uli pakauntala. Atatsegula pakamwa mawu anatuluka otsika. "Ndinakutolani mulibe ntchito. Ndinakupatsani mlongo wanga. Lero mwavala zoyera mwayamba kundidulira zinthu pamaso pa ana." Anatola chikwama chawo n'kutuluka.

Nkhaniyo inafika kunyumba a Gologolo asanafike. "Mwayambana ndi achimwene chifukwa cha chingwe?" mkazi wawo anafunsa. "Amuna akuluakulu, imvi zili mbuu?"

"Sichinali chingwe chabe kwa iwo aja."

"Nanga munadulira chiyani iwo akuona? Simukanadikira atuluke?"

Kudula kunali koyenera, koma a Gologolo anaona kuti mkazi wawo akunena zoona.

Kwa nthawi ndithu a Bawuti ankabwera kudzaona mlongo wawo pokhapokha akadziwa kuti mwini nyumba kulibe. Kuntchito ankatuma wina kukabweza makina. A Gologolo sanawathamangire. Anasankha chingwe chatsopano, kuchiyeza mbali zonse, kuchipukuta, kuchiveka tizipewa, n'kukulunga tepi yofiira chapakati. Anapempha dalaivala kuti akachiike m'chikwama cha alamu awo osanena kanthu.

Panapita masabata. Tsiku lina masana anamva kukhosomola pakhomo. A Bawuti anali ataima panja, chipewa chili m'manja, akuyang'ana kudenga.

"Chingwe chanu chija chikuwerenga bwino," anatero. "Koma mwayi chilibe. Chiyambireni kuyenda nacho mvula yatinyowetsa paliponse."

"Ndi nyengo yake, alamu. Lowani, ndikuonetseni kanthu."

"Ndi nsapato zimenezi?"

"Pukutani pamenepo. Ndipo musambe m'manja."

Mutu wa chingwe chakale uja a Gologolo anali atausunga m'kabati. Anauika pansi pa galasi. A Bawuti anawerama, kutsinzina diso limodzi, kulitsegula, kusuntha mutu, mpaka anaona. Anadzuka ngati alumidwa.

"Heee! Ine zaka zonsezi ndimayenda ndi mkondo m'chikwama?"

"Wokhota kunsonga."

"Ndiye bwanji simunandionetse tsiku lomwe lija?"

"Mukanayang'ana?"

A Bawuti anaganiza pang'ono. "Ayi." Anaweramanso, ndipo anakhala pagalasipo mpaka dalaivala analiza hutala panja. Anapempha kuona chikhadabo chawo, kenako ndevu imodzi. Lamlungu lake anafika kunyumba nthawi ya chakudya, monga kale, akudandaula kuti mpando wawo wina waukhalira mpaka wapendekeka.

Chinthu china a Gologolo anachiona okha, ndipo sanauze ngakhale mkazi wawo. Tsiku lina Mayi Dekhani akupukuta konekita, kamtengo kaja kanagogoda m'mphepete mwa chitsulo, ti ti ti. M'chipinda chachete chotero phokoso limenelo linamveka. Mayiyo anakaika pansi, n'kulowetsa dzanja m'thumba la dasitikoti. Patapita masiku zinachitikanso. Dzanja lamanja linali litayamba kunjenjemera.

A Gologolo anavutika nazo mumtima. Kunena kunali kovuta, kusanena kunalinso kovuta, chifukwa dzanja lonjenjemera likhoza kupinda timano mofanana ndi dzanja lamphamvu. M'mawa wina mayiyo akutambasula dzanja kuti atenge konekita ya makina aakulu, iwo anati, "Mayi, ndisiyireni imeneyo. Ndikufuna ndizolowere."

Mayi Dekhani anawayang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako anabweza dzanja. "Chabwino. Zolowerani."

Anagwira ntchito motero nthawi yaitali. Mayiyo ankawerenga zimene makina akuonetsa, kulingalira, kulamula. A Gologolo ankapukuta, kuyeza, kulumikiza. Tsiku ndi tsiku mawu anali omwewo, ndisiyireni ndizolowere, ndipo palibe mwa awiriwo amene ankaseka. Ntchito inkatuluka yabwino, mwina kuposa kale.

Anathetsa seweroli ndi Mayi Dekhani eni ake. Akumwa tiyi panja pa chitseko, kapu ataigwira ndi manja awiri, anati, "A Gologolo, munazolowera kalekale. Ndikudziwa chimene mwakhala mukuchita, ndipo zikomo. Koma kuchipatala andiuza kuti sizibwerera m'mbuyo. Ndawauza kale akuluakulu. Ndikupuma."

"Mayi, tikanapitiriza chonchi. Palibe chikuvuta."

"Mukadwala inu tsiku limodzi, ndigwira ndi chiyani? Ayi. Kuli bwino ndichoke ndisanawononge kanthu."

Kunabwera injiniya wina, bambo wochezeka, wodziwa bwino masamu a mafunde, ndipo anagwirizana msanga. Za makonekita anangoti, "Ndamva kuti mbali imeneyo ili ndi mwini wake," n'kuwasiyira tebulo ndi kabokosi kathabwa. Chipinda chinakhala chomwecho, chozizira, chonunkhira sipiriti. Kungoti masiku oyamba a Gologolo ankapezeka atatembenuka kuti aonetse munthu kanthu pagalasi, n'kupeza pampando paja pali munthu wina.

Itatha miyezi ingapo anakwera basi Loweruka kukawaona mayi aja. Ankakhala ndi mng'ono wawo m'kanyumba ka kumapeto kwa tauni, kumene msewu wa tala umathera. Anawapeza kuseri, atavala chipewa chachikulu ndi nsapato zamatope, akulondolera mng'ono wawoyo pothirira mbande. Dzanja linali likunjenjemera poyera tsopano, ndipo sankalibisanso. Kunjako mawu awo ankamveka okwera kuposa mmene a Gologolo ankawadziwira.

Anafunsa za makina amodziamodzi ngati akufunsa za ana a mnansi. Aakulu a pakona aja akutenthabe masana? Geji yakale ija anaitumiza kukaonedwa? A Gologolo anayankha zonse, n'kuwonjeza nkhani ya makina ena amene manambala ake ankasintha munthu akangogwedeza chingwe. Mayi Dekhani anatsinzina, kufunsa mafunso awiri atatu, n'kunena kuti akayang'ane kumbuyo kwa konekita, pamene chingwe chimalowera, osati kumaso kwake.

"Kumeneko ndiye sindinayang'ane," anavomera a Gologolo.

"Mukayang'ane Lolemba. Lero bwerani muone ntchito yanga yatsopano."

Anawatengera kumpanda kumene kunali timitengo ta mandimu m'mapepala akuda, tondandalikidwa pamthunzi. Anafotokoza kuti kumezanitsa sangathe, amachita ndi mng'ono wawo, iwo amangoloza podula. Tina tinagwira, tambiri tinafa, ndipo ankati sanamvetsebe chifukwa chake. Ankalankhula mokondwa ngati munthu amene wapeza chinthu chomuvuta.

Potsanzikana anasankha kamtengo kamodzi. "Aka mukabzale. Musakathirire kwambiri, mizu imaola."

A Gologolo anakanyamula pamiyendo m'basi, akutchinga ndi mkono kuti anthu odzazana asakathyole. Anakabzala kuseri kwa bafa, pamene pamafika dzuwa la m'mawa. Lolemba anayang'ana kumbuyo kwa konekita ija, ndipo vuto linalidi pomwepo.

Mpaka pano akugwirabe ntchito m'chipinda chija. Magalasi owerengera anayamba kuvala chaka chatha, atakana kwa nthawi yaitali. Mtengo wa mandimu wafika m'chiuno. Unachita maluwa kamodzi, onse n'kuyoyoka, ndipo atawaimbira foni Mayi Dekhani kuwauza, anayankha kuti mitengo yaing'ono imatero, audikire chaka chamawa.